Matauni atatu tsiku limodzi kutsidya kwa boda? Amayi, chepetsani

Ndalandira imelo ya mayi wina amene akufuna kuwoloka boda m'mawa ndi ana ake awiri, azungulire matauni atatu a kutsidyako, madzulo abwerere. Akufunsa ngati n'zotheka komanso anyamule chani. Amayi, mundikhululukire, ndiyamba ndadandaula kaye chifukwa mwandikhudza pachilonda.

Ndili ndi mlamu wanga amene amakhulupirira mapu a pa foni kuposa msewu weniweniwo. Ulendo wina anatisonkhanitsa, pepala m'manja atalemba bwinobwino, tauni iyi 9 koloko, iyo 11 koloko, inayo masana, akuti zonse n'zoyandikana. Chomwe foni sinamuuze n'choti pa boda tikapeza basi yaikulu itangotsitsa kumene anthu, zenera lotsegula limodzi lokha, ofesala wake akutembenuza tsamba lililonse la pasipoti osapupuluma olo pang'ono. Tadinditsa kotulukira, tafika mbali inayo, mzere wina. Ndiye kubwere nkhani ya galimoto, eee, pepala lolowetsera galimoto kwakanthawi, inshuwalansi ya dziko lakelo poti yathu inathera pa geti, kenako funso loti mwini galimotoyi ndani chifukwa dzina la pa mapepala silinali la dalaivala, tinachita kuimbira mwiniwake kuti atumize kalata. Mmene timalowa tauni yoyamba dzuwa lili paliwombo, mlamu akuyang'anabe kapepala kake kaja. Matauni enawo tinangowawerenga pa zikwangwani.

Chinandipsetsa mtima kwambiri chinali wotchi. Dziko linalo linali patsogolo ndi ola limodzi, foni za ena zinasintha zokha, za ena ayi, ndiye pobwerera anthu akuluakulu kumakangana m'galimoto kuti panopa nthawi ili bwanji, geti likutsekedwa pa wotchi ya ndani. Izi si zachilendo ayi, Spain ndi Portugal amasiyana ola, Zambia ndi Tanzania chimodzimodzi. Pena ngakhale mbali yoyendetsera imasintha, mukachoka ku Tanzania kulowa Rwanda mumasiya kumanzere n'kuyamba kumanja.

Ndiye ine ndinena mosabisa mawu: ulendo wa tsiku limodzi kutsidya ndi tauni IMODZI basi. Anthu olemba pa Facebook kuti tayenda mayiko atatu tsiku limodzi aja, chomwe anaona ndi maofesi atatu a imigireshoni. Ndipo amene amati ukapanga pulani yabwino zonse zimatheka, sanaimepo kumbuyo kwa mathiraki.

Inde maboda amasiyana. Ku Ulaya mayiko a Schengen anayamba kuchotsa zoyang'ana mapasipoti pakati pawo mu 1995, nthawi zambiri munthu umangoona chikwangwani kuti wasintha dziko. Pa Chirundu, pakati pa Zambia ndi Zimbabwe, kuyambira 2009 umaima malo amodzi n'kumaliza za mayiko onse awiri. Pa Kazungula, pakati pa Zambia ndi Botswana, kuyambira 2021 pali mlatho m'malo modikira pantoni, ndipo alendo a viza ya KAZA, yomwe ndi imodzi yolowera Zambia ndi Zimbabwe, amaloledwa kukacheza ku Botswana n'kubwerera tsiku lomwelo. Apa n'pomwe ambiri amakodwa: ngati dziko lomwe mukuchokeralo munalowamo ndi viza yolowera kamodzi, mukangotuluka yatha ntchito, pobwera mugula ina.

Za mapepala

Aliyense pasipoti yake, ana omwe, ndipo mayiko ambiri amafuna yotsala ndi miyezi 6 isanathe komanso masamba opanda zidindo. Poti mukuyenda ndi ana, tengani zikalata zawo zobadwira ndi kalata ya bambo awo yovomereza ulendowo ngati sakupita nawo, maboda ena sakutulutsani popanda zimenezo. Khadi la katemera wa yellow fever ngati dzikolo limafuna, ndipo wina asakuuzeni kuti latha, bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2016 kuti ndi la moyo wonse.

Zinazo mwachidule. Yambani mwafunsa nthawi yotsekera boda, mbali zonse ziwiri, ndiye muwerengere chobwerera m'mbuyo, musiye maola awiri apadera. Lawirirani mabasi asanafike. Akakudindirani yang'anani chidindocho musanachoke pa zenera, tsiku lake ndi masiku omwe akupatsani, chifukwa wopanda chidindo cholowera amavutika potuluka. Ngati tauniyo ili pafupi siyani galimoto mbali yanu mukwere za komweko, mzere umodzi wachepa. Ndalama sinthiranitu ku banki kapena ku bureau, osati kwa anyamata okuthamangirani pa geti. Zimitsani data musanawoloke, roaming imadya mayunitsi mosaona nkhope, mapu dawunilodani muli kunyumba. Zogula kumeneko sungani malisiti, a kasitomu akafunsa muwaonetse.