Voisi ya kwa asuweni pa gulu la banja: mvula ndi malo a kumtunda aja

Eee asuweni, mwaswera? Ndaona meseji yanu, akuti "kodi ku Mchinji mvula ikugwabe?" Hahaha inuyo? Mwayamba liti kufunsa za mvula, munthu woti khasu munaligwira komaliza muli sitandade 5? Ikugwa, eya ikugwa, chimanga chamasula kale... koma ine ndimakudziwani, apa simukufunsa chimanga ayi. Ndi malo aja. A kumtunda kwa agogo aja, amene mwatumizira anyamata ndalama kuti akumbe asalaze pomanga nyumba. Musakane, alamu anaulula kale pa maliro paja.

Dikirani kaye... iwe tseka chitsekocho nkhuku zikulowa... eya.

Mukukumbukira amalume aang'ono chaka chija ankafuna njerwa zomangira balani ya fodya? Munali ku sukulu ku Kasungu, ayi ayi, munali mutachokako, chinali chaka cha nkhani ya njinga ija. Basi iwo akuti dothi labwino lili kuseri kwa khola la nkhumba, m'munsi mwenimweni mwa chitunda chija, katondo wofiira bwinobwino. Anakumba, kukumba, kulowa mkati mpaka pamalopo panasanduka chiphompho chotalika kuposa munthu, choongoka chilili. Misuku ndi mitondo ya pamwamba ija nayo anagwetsa yowotchera uvuni. Agogo aakazi kuwaletsa, iwo "amayi inu za dothi mukudziwapo chiyani". Okutobala yense panali gwa, ukamenya khasu limachita kubwerera. Mvula yoyamba yabwera ndi mabingu ake, palibe chachitika, amalume kumayenda monyada, kumatiloza ife kuti mwaona? Disembala zii. Ndiye Febuluwale kunabwera mvumbi uja, wopanda phokoso, wongoti waa usiku ndi usana osakata. Azakhali akupita kukapatsa nkhumba gaga anaona timadzi tamatope tikutuluka m'munsi mwa chiphomphocho, poti sipanatulukepo madzi chikhalire, kukwera pamwamba apeza mng'alu woti dzanja kulowa, nthochi zonse zapendekera kumunsi. Kuwauza amalume, akuti ndi mfuko. Mfuko asuweni! Usiku womwewo tinangomva phuu, kutuluka ndi tochi theka la khola lakwiririka, nkhumba yaikazi ija ili m'munda mwa aneba ikufukula mbatata, mlandu wina pamenepo. Mpaka lero ukawafunsa amati anadutsa Napolo. Za kwa asing'anga zija mukafunse azakhali, ine musandilowetsemo.

Napolo wake ndi madzi basi. Dothi likakhala louma kapena longonyowa pang'ono limagwirana lokha. Koma mvula ikagwa masiku ambiri madzi amalowa pansi, kudzadza timipata tonse, dothi kulemera, ndiye madzi omwewo amakankha timibulu ta dothi kuti tisagwiranenso. Pansi pake pa zitunda zathuzi pamakhala thanthwe, madzi akafika apo salowa, amangoyenda pamwamba pa mwalawo, dothi lonse n'kutsetsereka ngati mbamu ya nsima pa therere. Nanga wadulanso kumunsi komwe kumachirikiza, mizu wachotsa, ukuyembekeza chiyani? N'chifukwa chake sizichitika ndi mvula yoyamba, zimadikira nthaka ikhute. Freddy uja ku Chilobwe, matope akutsika phiri la Soche, unali Malichi 2023. Za ku Phalombe, phiri la Michesi, 1991, Malichinso. Eya ndikudziwa munena kuti kwathu kuno mvula sifika ya ku Mulanje, zoona, koma chitunda chogwera kuchipinda chogona ana sichichita kufuna kukhala Soche.

Ndiye... ndimati chiyani... eya. Auzeni anyamata aja asiye kudula chitunda chija, nyumba itsike kumunsi pa mango paja, pamene pali see. Ndinadutsapo, adula choongoka ndendende mwa amalume, m'munsi mwake mwayamba kale kunyowa. Pamene adula kalepo apendeketse, akumbe ngalande kumtunda yopatutsa madzi, tidzalepo vetiva, ameneyo mizu yake imalowa pansi kwambiri. Mukafuna khoma la miyala likhale ndi timabowo totulukira madzi, lotsekeratu limadzagwa ndi madzi akumbuyo. Chimbudzi nachonso asakumbe kumtunda.

Vyuu mukuifunayo muzikaionera pa mwala paja mutanyamula mpando, hahaha, koma nyumba pa mango. Anyamata asakumbenso.

Ndipo musandiyankhe ndi kasitika koseka kaja ayi, ndikukuonani muli onlaini. Imbirani kapitawo wanuyo lero lomwe aleke kukumba, maziko tikayeze pa mango mvula ikakata mu Epulo, chingwe ndibwereka kwa amalume omwewo.