Kuwina magemu onse 13 kenako n'kuuzidwa kuti khalani panja

Achimwene ena a ku Lilongwe andilembera imelo. Mwana wawo wamkazi akuphunzira ku Florida State University ndipo wawatumizira jezi ya timu ya pasukulupo. Pofuna kudziwa chimene avala, afufuza mbiri ya timuyo ndipo mutu waima. Akufunsa kuti: "Zimatheka bwanji timu kuwina magemu onse a 2023 koma osaloledwa kulimbirana chikho? Nanga jeziyi ndizivalabe, kapena ndi timu yochititsa manyazi?"

Achimwene, mwandiputa dala. Ine ndimakhala ku Tallahassee komweko kumene kuli mwana wanuyo, ndipo nkhani imeneyi siinandichokebe pakhosi.

Vuto lanu ndi lakuti mukuganiza ngati munthu wa Super League. Kwathu timu iliyonse imakumana ndi inzake kawiri, kwawo ndi koyenda, mapointi amawerengedwa poyera, amene ali pamwamba ndiye mwini chikho. Bullets ikawina ligi, wa Noma amatha kudandaula za oyimbira, koma masamu sangawatsutse. Mpira wa m'makoleji a ku America, uja wa zipewa zolimba ndi mapewa otukumuka, suyenda choncho. Matimu akuluakulu alipo oposa 130, ndipo iliyonse imasewera magemu 12 okha pachaka, kupatula fainolo ya gulu ndi magemu a kumapeto. Sangakumane onse. Ndiye anawagawa m'magulu, monga SEC, Big Ten ndi ACC. Florida State ili mu ACC. Kuyambira 2014 mpaka 2023, komiti ya anthu 13 inkakhala pansi m'hotela ina ku Grapevine, Texas, n'kusankha matimu anayi oti alimbirane chikho cha dziko lonse. Anthu ndiwo ankasankha, mapointi ayi. Gwirani pamenepo.

Kuti mumve kuwawa kwake muyenera kudziwa kumene timuyi inachokera. Inali yoopsa nthawi ya mphunzitsi Bobby Bowden, inatenga chikho mu 1993 ndi 1999, kenako mu 2013 ili m'manja mwa Jimbo Fisher. Pambuyo pake inagwa chagada. Mike Norvell atailandira, chaka chake choyamba cha 2020 anawina magemu 3 n'kuluza 6. Mu 2021 anagonja pakhomo kwa Jacksonville State, katimu koti anachita kukalipira kuti kabwere kadzamenyedwe, 20-17, pa mpira womaliza weniweni. Anthu m'tauni muno ankabisa majezi. Mu 2022 zinayamba kuoneka, 10-3. Ndiye 2023 itafika, aliyense ankadziwa kuti chaka ndi chino.

Ndipo chinalidi chaka chake. Pa 3 Seputembala ku Orlando anathibula LSU 45-24, LSU yomwe inali ndi Jayden Daniels, mnyamata amene kumapeto kwa chakacho anapatsidwa Heisman, mphoto ya wosewera woposa onse. Anapulumuka mwamwayi kwa Boston College, 31-29. Anakagonjetsa Clemson kwawo komwe, 31-24, m'nthawi yowonjezera. Duke inadya 38-20, Miami 27-20. Woyendetsa zonse anali Jordan Travis, quarterback, kutanthauza amene amalandira mpira poyamba n'kusankha woti amuponyere. Pa mpira uwu munthu ameneyu ndiye ubongo wa timu.

Ine magemu amenewa ndinkawaonera kuntchito. Ndimasamalira okalamba pa nyumba ina kuno, dzina lake lisakhale nkhani. Loweruka likafika timawakankha agogo athu pa njinga zawo kupita nawo m'chipinda cha TV, ena atavala zipewa zofiirira za timuyi zimene zinasuluka kalekale. Panali agogo ena aamuna amene dzina la mwana wawo ankaliiwala, koma nyimbo ya ochemerera ikangoyamba dzanja linkadzuka lokha, kumatema m'mwamba monga amachitira anthu pa Doak Campbell, bwalo la timuyi. Ndi iwowo amene anandiphunzitsa malamulo a mpirawu. Ndikawasintha zovala ankandifunsa funso limodzimodzi, lakuti Loweruka tikumenya ndani. Ndinayamba kuwerenga za timuyi kuti ndizikhala ndi chowayankha, mapeto ake matenda anandigwira ndine.

Chaka chomwecho panatuluka malo a woyang'anira shifiti ya usiku. Ndinali nditagwira usiku nthawi yaitali kuposa wina aliyense pamenepo. Sindinajombepo, palibe wachibale wa agogo aliyense amene anandidandaulapo, ndipo atsopano onse ankawapereka kwa ine kuti ndiwaonetse ntchito. Kutatsala pang'ono kuti atifunse mafunso, msana unandigwira ndikunyamula agogo ena amene anatsetsereka kubafa. Ndinayamba kuyenda ndi lamba wa msana mkati mwa yunifolomu, ndipo ukawerama lambayo amaonekera. Tsiku la mafunso anakhala atatu kuseri kwa tebulo, fayilo yanga ili patsogolo pawo. Sanaitsegule. Mayi amene ankatsogolera anandiyamikira bwinobwino, kenako anati iwo akuyang'ana za kutsogolo, ndipo sakudziwa ngati ndidzakhale munthu yemwe uja. Malowo anapatsa wina amene ndinamuphunzitsa ndekha kupinda bedi. Ntchito ya woyang'anira ndi ya cholembera ndi foni, achimwene, sinyamula munthu. Ndinatuluka, ndinakavala magolovesi, ndinapitiriza shifiti, chifukwa lendi ya kuno siimva zoti wakhumudwa.

Tibwerere ku mpira. Pa 18 Novembala, pa gemu yosavuta ndi North Alabama, Travis anathamanga ndi mpira, anamugwetsa, mwendo unathyoka moopsa. Nthawi imeneyo n'kuti timu ikutsalira 13-0. Anzake anadzuka n'kuwina 58-13. Sabata yotsatira anapita ku Gainesville kwa adani awo enieni, University of Florida, ndi quarterback wachiwiri Tate Rodemaker, anawina 24-15. Rodemaker naye anagundidwa m'mutu. Ndiye pa 2 Disembala ku Charlotte, pa fainolo ya ACC, analowetsa wachitatu, Brock Glenn, mwana wa chaka choyamba pakoleji. Kuponya kwake kunali komvetsa chisoni, mayadi 55 gemu yonse. Koma otchinga kumbuyo, a Jared Verse ndi a Braden Fiske, anaikhalira Louisville pakhosi usiku wonse. Zinatha 16-6. Magemu 13, kuwina 13, chikho cha ACC m'manja.

M'mawa mwake, Lamulungu pa 3 Disembala, komiti inalengeza pa ESPN: Michigan, Washington, Texas, Alabama. Florida State nambala 5. Texas inali italuzapo kwa Oklahoma. Alabama inali italuzapo kwa Texas, 34-24, pakhomo pake. Chiyambire dongosololi, aka kanali koyamba kuti timu ya m'magulu akuluakulu asanu iwine magemu onse, itenge chikho cha gulu lake, n'kusiyidwa.

Mfundo ya komiti ndiinene mwachilungamo. M'malamulo awo muli mawu olola kuganizira za wosewera wofunika amene wavulala. Wapampando wawo, Boo Corrigan, anafotokoza kuti popanda Travis timuyi yasanduka ina. Komanso Alabama inali itangogonjetsa Georgia 27-24, Georgia imene inali itawina magemu 29 motsatizana. Pali anthu anzeru amene amati komiti inapatsidwa ntchito yosankha matimu anayi amphamvu, osati anayi oyenera kuthokozedwa. Kwa kanthawi ndinkayesa kuwamvetsa.

Koma ayi. Ndikamalemba pano ndikuona kuti palibe chomvetsa. Anawabera anyamata aja, masana dzuwa likuswa mtengo. Ngati zotsatira za pabwalo zingafufutidwe ndi maganizo a anthu 13 okhala pa mipando ya wofuwofu, nanga ana a eni ake amathyoleranji miyendo? Bwanji osangokhala pansi mu Ogasiti n'kugawana chikho poyang'ana mayina? Alabama yomweyo, kutatsala sabata imodzi, inapulumuka kwa Auburn 27-24 ndi mpira wa mwayi, quarterback wawo Jalen Milroe ataponya pa mpata womaliza kutatsala mayadi 31. Auburn imeneyo n'kuti itangokwapulidwa kumene ndi New Mexico State, 31-10. Zimenezo komiti inati ndi mtima wa akatswiri. Florida State kuwina ndi quarterback wachitatu, komiti inati ndi kufooka. Ndipo mbiri ikuwatsutsa: mu 2014 Ohio State inalowa ndi quarterback wachitatu, Cardale Jones, n'kutenga chikho chenichenicho. Amati koma iwo aja anawina 59-0 pa fainolo ya Big Ten. Ndiye vuto ndi kukongola kwa kawinidwe? Otchinga kumbuyo si osewera?

Chimene chinandipweteka koposa ndi zimene Travis analemba tsiku lomwelo, kuti akanakonda mwendo wake ukanathyoka kumayambiriro kwa chaka, kuti anthu aone kuti timuyi ndi yoposa munthu mmodzi. Mwana wa munthu ali ndi mwendo wothyoka, akupepesa chifukwa cha nthawi imene wathyokera! Ine ndinamumva bwino kwambiri, chifukwa nanenso ndinadzifunsapo kuti msana uja sukanadikira mwezi umodzi bwanji. M'chipinda cha TV muja agogo anga aja anangovula chipewa n'kuchiika pamwendo, kenako anandifunsa kuti taluza kwa ndani. Ndinawauza kuti sitinaluze. Anandiyang'ana ngati wosokonezeka mutu ndine.

Ndalama nazo musaziiwale. Sindikunena kuti wina analandira envelopu. Ndikunena kuti masewerawa amakhalira TV, ndipo dzina la Alabama ndi la mphunzitsi wake wa nthawiyo, Nick Saban, linkakoka oonera. Akuluakulu a Florida State anali akudandaula kale kuti ACC imagawa ndalama zochepa poyerekeza ndi SEC ndi Big Ten, ndipo pa 22 Disembala anakasumira ACC kukhoti pofuna njira yotulukira. Andale nawo sanachedwe, bwanamkubwa wa Florida Ron DeSantis ananena zoika padera 1 miliyoni ya madola yoti ithandize pa milandu yokhudza kusiyidwa kwa timuyi. Andale ndi amodzi kulikonse, akaona maliro a anthu ambiri amafika ndi nkhata yaikulu kuposa ya achibale.

Za 63-3 zija

Ndikudziwa kuti mwaziona, n'chifukwa chake mukufunsa za manyazi. Pa 30 Disembala, ku Orange Bowl, imodzi mwa magemu apadera otsekera chaka otchedwa bowl, Georgia inaswa Florida State 63-3, kusiyana kwakukulu kuposa gemu ina iliyonse ya bowl m'mbiri. Otsutsa anavina kuti mwaona, komiti inalondola. Bodza. Imene inalowa m'bwalo tsiku lija sinali timu imene inawina magemu 13. Verse, Keon Coleman, Johnny Wilson, Trey Benson ndi ena ambiri sanasewere. Ena ankadzisungira ku NFL, ligi yaikulu ya osewera olipidwa, ena anali atavulala, ena ankasamukira ku makoleji ena. Munthu mwamuuza kuti thukuta lake la miyezi itatu lilibe ntchito, ndiye mukufuna aike bondo lake pachiswe pa gemu yopanda chikho? Ngakhale mphunzitsi wa Georgia, Kirby Smart, ananena pambuyo pake kuti zinthuzi zikufunika kukonzedwa. Alabama imene anaikondera ija inatuluka pa gemu yoyamba, 27-20 kwa Michigan, ndipo Michigan inatenga chikho itagonjetsa Washington 34-13.

Chaka cha 2024 ndiye sindingachiikire kumbuyo. Anayambira ku Dublin, ku Ireland, kuluza 24-21 kwa Georgia Tech, kenako Boston College, kenako Memphis, timu imene Norvell anachokerako. Anamaliza atawina 2 n'kuluza 10. Akatswiri ambiri anali atapita ku NFL ndipo amene anabwera m'malo mwawo sanagwirane. Ena amati mtima wa timu unasweka pa 3 Disembala paja. Ine ndimakhulupirira zimenezo ngakhale sindingazilembe pa bolodi. Chowawa china n'chakuti chaka chomwecho mpikisano anaukulitsa kufika matimu 12, ndipo akatswiri a magulu asanu amene anali pamwamba ankalowa mosapempha. Lamulo limeneli likanakhalapo mu 2023, inu simukanandilembera. Komiti ikadalipo, ikusanjabe matimu, kungoti tsopano amene amalira ndi amene watsalira pakhomo pa matimu 12. Kamtima kanatsikako pang'ono pa 30 Ogasiti 2025, Alabama itabwera ku Tallahassee n'kudya 31-17. Sizinabweze kanthu, koma tsiku limenelo ndinagwira shifiti ndikuimba.

Jeziyo valani, achimwene, musaibise. Wina akakunenani za 63-3 mumufunse kuti ndani anaigonjetsa timuyi isanafike pamenepo. Magemu amakhala Loweruka kuyambira kumapeto kwa Ogasiti mpaka Novembala. Kuno tili m'mbuyo ndi maola 6, ndipo kuyambira kumayambiriro kwa Novembala amakhala 7, choncho gemu ya 12 koloko masana imakupezani 6 koloko madzulo, pomwe za usiku zimafuna kudzuka cha m'ma 1 koloko. Ngati bando ndi yovuta, zidule zake zimaikidwa pa YouTube m'mawa mwake. Ndipo mumuuze mwanayo apite ku Doak Campbell ngakhale kamodzi, afike msanga gemu isanayambe, akujambulireni wokwera hatchi uja akuzika mkondo wamoto pakati pa bwalo.