Chokoleti choyera chosasungunuka chija

Achimwene, mwafunsa ngati chokoleti choyera munagula pa Nchalo chija chili chenicheni poti sichinasungunuke ndi dzuwa lonseli. Ine ndikukayika. Chenicheni chimapangidwa ndi mafuta a koko, ndipo mafuta amenewo amasungunuka cha pa madigiri 34, ndiye mu Okutobala kwathu kuno ungochiika m'thumba la malaya kuchoka pa sitolo kufika kunyumba chasanduka phala, malaya omwe athimbirira. Muyezo wa zakudya wapadziko lonse wotchedwa Codex umati m'chokoleti choyera mafuta a koko asachepere 20%, mkaka wouma 14%, ku America anawonjezera kuti shuga asapitirire 55%. Tembenuzani pepalalo muwerenge kumbuyoko, mukapeza palm kernel oil (mafuta a njere za kanjedza) m'malo mwa cocoa butter (mafuta a koko aja) kapena mawu oti compound, chimenecho nchotsanzira chabe, nchifukwa chake chimamata kukamwa ngati kandulo.