Agogo ali ndi shuga, koma akuti asala kudya pa Yom Kippur

Mayi wina amene amasamalira agogo achiyuda ku Johannesburg wandilembera kuti agogowo ali ndi matenda a shuga, amamwa glibenclamide ndi metformin, ndipo akukakamira kusala pa Yom Kippur, tsiku lopatulika kwambiri la Ayuda lopempha chikhululukiro cha machimo. Akufunsa kuti atani.

Mayi, kusala kumeneku n'kolemera. Kumayamba dzuwa likamalowa mpaka mdima wa tsiku lotsatira, maola pafupifupi 25, osadya komanso osamwa ngakhale madzi. Glibenclamide amapitiriza kukakamiza thupi kutulutsa insulin m'mimba mulibe kanthu, shuga n'kutsika mpaka munthu kukomoka. Kwa okalamba ndi woopsa kwambiri chifukwa amakhalitsa m'thupi impso zikafooka. Metformin payekha satsitsa shuga chonchi. Musasiyitse mankhwala panokha: adokotala awaone agogowo kudakali masabata angapo.

Chimene chimandinyansa n'chakuti ambiri amaganiza kuti kudya tsikuli n'kuchimwa. Ayi ndithu. Chilamulo chachiyuda chili ndi mfundo ya pikuach nefesh, yakuti moyo ukakhala pachiswe munthu ayenera kudya. Arabi, omwe ndi aphunzitsi a chipembedzo chachiyuda, ali ndi njira inanso kwa odwala, yotchedwa shiurim: chakudya chosakwana mamililita 30 kukula kwake, chakumwa chosadzaza tsaya limodzi, kenako kudikira mphindi 9. Agogo sangamvere inu pa zimenezi, koma arabi awo angawamvere. Pemphani ana awo akonze zoti alankhulane.

Ndipotu maphwando amavutanso. Pa Rosh Hashanah, chaka chatsopano chachiyuda chimene chimayamba masiku 9 okha Yom Kippur isanafike, amanyika apulo mu uchi, ndipo supuni yaikulu imodzi ya uchi ili ndi magalamu 17 a shuga. Pa Pesach, Pasika wa Ayuda, pali makapu 4 a vinyo ndi buledi wopanda chofufumitsa, matzah. Ena amasintha vinyo ndi juwisi wa mphesa poganiza kuti achita bwino, chonsecho juwisiyo ndiye wodzaza shuga. Vinyo wosatsekemera m'kapu yaing'ono ndi wabwinoko ngati adokotala avomera. Wobaya insulin wogwira ntchito mwachangu asabaye mwambo wa Pesach ukungoyamba, chifukwa kuwerenga kwa pamwambowo kumatenga nthawi chakudya chenicheni chisanafike.

Adokotala akalola kusala

Yezani shuga maola awiri kapena atatu alionse. Kubaya chala sikuswa kusala. Shuga akatsika pansi pa 3.9 mmol/L, kapena agogo akayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta, kusokonezeka mutu, kusala kwatha pomwepo: apatseni magalamu 15 a shuga, monga theka la kapu ya juwisi, n'kuyezanso pakatha mphindi 15. Akadutsa 16.6, amwe madzi ndipo muimbire adokotala. Akakomoka musawathire kanthu kukamwa, itanani ambulansi. Pomasula ayambe ndi madzi, kenako adye pang'ono, keke isiyidwe kaye.