Ramon Magsaysay: anali wa anthu wamba kapena wa Amereka?

Mmodzi wa owerenga watumiza funso pa imelo. Akuti anamva za mphoto yotchedwa Ramon Magsaysay Award, imene imaperekedwa ku Asia chaka ndi chaka, ndiye atafufuza za mwini dzinali anapeza mbiri ziwiri zosemphana. Ena akuti anali pulezidenti wa Philippines wokonda anthu wamba kuposa wina aliyense, ena akuti anangoikidwa pampando ndi akazitape a ku America. Akufunsa kuti zoona n'ziti.

Achimwene, mbiri ziwirizi zonse zili ndi pogwira. Koma kuti muweruze bwino, yang'anani kwambiri zaka za 1950 mpaka 1953, asanakhale pulezidenti, chifukwa ntchito imene inawatchukitsa anaigwira ali nduna ya zachitetezo.

Anabadwa pa 31 Ogasiti 1907 ku Iba, m'chigawo cha Zambales. Bambo awo anali osula zitsulo, mayi awo anali mphunzitsi. Iwowo anagwirapo ntchito ya umakaniko pa kampani ya mabasi mpaka kukhala woyang'anira nthambi. Japan italanda dzikolo mu 1942, analowa m'tchire ndi gulu lomenyana ndi adaniwo, ndipo mu 1945 asilikali a America anawaika kukhala bwanamkubwa wa Zambales. Mu 1946, chaka chimene dzikolo linalandira ufulu, anasankhidwa kukhala phungu wa chipani cha Liberal.

Vuto limene analipeza linali la gulu la Hukbalahap, mwachidule a Huk, lotsogozedwa ndi Luis Taruc. Gululi linayamba mu 1942 pomenyana ndi Japan, koma muzu wake unali wa minda. Pakati pa chilumba cha Luzon, alimi ambiri a mpunga anali matenanti. Mwinimunda ankatenga pafupifupi theka la zokolola, kenaka n'kudulanso ngongole ya mbewu ndi chakudya pa theka lotsalalo, moti mlimi ankayamba chaka chatsopano ali kale m'ngongole. Mu 1946 a Taruc ndi anzawo anapambana mipando ku Nyumba ya Malamulo koma anakanizidwa kukhalamo. Chisankho cha pulezidenti cha 1949, chimene anapambana Elpidio Quirino, chinadzaza ndi kubera ndi ziwopsezo. Munthu wa kumudzi anaona kuti voti ilibe phindu, khoti n'la eni minda, ndipo msilikali wa boma akabwera ndiye kuti nkhuku ndi mpunga zapita. Pofika 1950 a Huk anali ndi anthu a mfuti oposa 10,000.

A Quirino anapatsa a Magsaysay unduna wa zachitetezo pa nthawi imeneyo, mu 1950. Mwayi unawagwera msanga: mu Okutobala chaka chomwecho atsogoleri ambiri a chipani cha chikomyunizimu, chimene chinkatsogolera a Huk, anagwidwa mumzinda wa Manila, pamodzi ndi zikalata zawo. Koma chimene chinatembenuza nkhondo ndi kukonza gulu la asilikali lenilenilo. A Magsaysay anachotsa akuluakulu amene ankangokhala m'maofesi. Ankatulukira pa misasa mwadzidzidzi, osatumiza uthenga, ndipo wopezeka akuzunza anthu kapena akugona pa ntchito ankalangidwa pomwepo, wochita bwino n'kukwezedwa pomwepo. Asilikali anagawidwa m'magulu a anthu pafupifupi 1,000 otha kuyenda okha ndi kulowa m'mapiri, m'malo modikira pa misewu. Ndalama ya chakudya cha msilikali inakwezedwa. Chimenechi chimaoneka chaching'ono, koma msilikali wanjala ndiye amalanda nkhokwe ya mlimi, ndipo mlimi wolandidwayo ndiye amadyetsa oukira usiku.

Anatsegulanso njira yoti aliyense atumize dandaulo kwa nduna pa telegalamu ya masentavo 10 okha. Maloya a asilikali ankathandiza matenanti pa milandu yawo ndi eni minda mosalipiritsa. Pa chisankho cha 1951 asilikali analondera malo ovotera, ndipo chipani cholamula, chawo chomwe, chinagonja koopsa pa mipando ya Senate. Apa m'pamene a Huk anataya mfundo yawo yaikulu, yoti boma silingasinthe ndi voti. Chaka chomwecho Moises Padilla, amene ankapikisana pa umeya ku Negros Occidental, anazunzidwa n'kuphedwa ndi anthu a bwanamkubwa Rafael Lacson. A Magsaysay anapita okha kukatenga mtembo, ndipo Lacson, wa chipani cholamula, anadzapezeka wolakwa m'khoti.

Panalinso pulogalamu ya EDCOR, yopatsa minda ku Mindanao, chilumba cha kum'mwera kwa dzikolo, a Huk amene atula mfuti. Imeneyi ndi yofunika kuisamala poiyamikira. Mabanja amene anakhazikitsidwadi anali ochepa, ndipo amene analidi a Huk anali mazana ochepa chabe. Mphamvu yake inali m'mbiri imene inafala: munthu ali m'phiri akumenyera munda, n'kumva kuti boma likugawa munda. Komanso Mindanao sanali malo opanda eni. Kusamutsira anthu a kumpoto kumeneko, kumene kunapitirira ndi bungwe la boma losamutsa anthu lotchedwa NARRA kuyambira 1954, kunawonjezera mikangano ya malo ndi Asilamu ndiponso mitundu ina yakumeneko.

Tsopano za Amereka. N'zoona kuti Edward Lansdale, msilikali amene ankagwira ntchito ndi CIA, bungwe la akazitape la America, anali mlangizi wawo wapamtima ndipo ankakhala nawo pafupi kwambiri m'zaka zimenezi. N'zoona kuti zida ndi ndalama za nkhondoyi zinkachokera ku America, ndiponso kuti Amereka anawakokera pa chisankho cha 1953. A Magsaysay anatula pansi unduna mu Febuluwale 1953, n'kulowa chipani cha Nacionalista, ndipo pa 10 Novembala anagonjetsa a Quirino ndi mavoti pafupifupi 69 pa 100 alionse. Atalowa m'boma sanabise mbali imene anali: pangano la SEATO, la chitetezo cholimbana ndi chikomyunizimu lotsogozedwa ndi America, linasainidwa ku Manila mu Seputembala 1954, ndipo senetala Claro M. Recto ankawadzudzula poyera kuti akugonjera Washington. Chidzudzulo chimenechi sichinali chabodza. Kungoti Lansdale yemweyo anapita ku South Vietnam mu 1954 kukathandiza mtsogoleri wa kumeneko, Ngo Dinh Diem, ndi nzeru zofananazo, ndipo kumeneko sizinabale zipatso zomwezo. Mlangizi angakuuzeni kuti mupite kumidzi, koma sangakulowereni m'matope. A Magsaysay anachita kampeni m'midzi imene andale a ku Manila ankangoitumizira mafumu a ndale.

Pa upulezidenti wawo ndimaona kuti mbiri imakometsera. Analumbira pa 30 Disembala 1953 atavala barong tagalog, malaya a kwawo, osati suti. Anatsegula nyumba ya boma ya Malacañang kuti anthu wamba alowemo, n'kukhazikitsa komiti yolandira madandaulo. Anakumbitsa zitsime, anamanga misewu ya kumidzi. Mu Meyi 1954 a Taruc anadzipereka, ndipo mmodzi wa amene anakambirana nawo anali mtolankhani wachinyamata Benigno Aquino Jr. Mu 1956 Japan inavomera kulipira chipukuta misozi cha nkhondo chokwana madola 550 miliyoni.

Koma pa minda, pamene panayambira moto, panalephereka. Lamulo la 1954 linakonza kagawidwe ka zokolola ndi kuteteza tenanti kuti asathamangitsidwe chisawawa. Lamulo la 1955 logawa minda linafooketsedwa ndi aphungu, amene ambiri anali eni minda iwo eni. Boma likanatha kugula mokakamiza munda wopitirira mahekitala 300 ngati uli wa munthu mmodzi, kapena 600 ngati uli wa kampani, ndipo malowo ankayenera kukhala olumikizana. Mwinimunda wochenjera ankangougawa m'mayina a ana ndi abale. Ndalama zogulira nazonso zinali zochepa, choncho minda imene inasintha manja inali yowerengeka.

A Magsaysay sanamalize n'komwe nyengo yawo yoyamba. Pa 17 Malichi 1957 ndege yawo ya C-47 inagunda phiri la Manunggal itangonyamuka ku Cebu usiku. Anapulumuka munthu mmodzi yekha, mtolankhani Nestor Mata. Wachiwiri wawo, Carlos P. Garcia, ndiye analowa m'malo. Mphoto imene mwafunsa ija inakhazikitsidwa chaka chomwecho ndi thandizo la Rockefeller Brothers Fund ya ku New York, n'kuyamba kuperekedwa mu 1958. Mu 1969, ku Tarlac, m'minda yomwe ija ya pakati pa Luzon, otsala a gulu la Huk motsogozedwa ndi Bernabe Buscayno anagwirizana ndi chipani chatsopano cha chikomyunizimu n'kuyambitsa gulu latsopano loukira boma lotchedwa New People's Army.