Kodi ndilowe m'bungwe la amalonda? Yankho kwa mayi wa ku Ulongué

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Ulongué amene amapikula mbatata ya kachewere ndi nyemba kwa alimi a ku Dómuè ndi ku Tsangano, n'kumakagulitsa ku Tete. Analemba motere: "Bambo wina wandiuza kuti ndikalembetse ku bungwe la amalonda la m'chigawo chino, ndizilipira kota chaka ndi chaka. Kodi akandibwereka ndalama zogulira galimoto? Nanga angandithandize kuti ndizigulitsa ku migodi ya ku Moatize?"

Mayi, zikomo pondilembera. Ndiyambe ndi chowawacho: ngongole sakupatsani. Bungwe la amalonda si banki. Ndalama zake n'zomwe mamembala amasonkha, ndipo zambiri zimathera pa lendi, malipiro a ogwira ntchito ndi misonkhano. Aliyense wokulonjezani galimoto mukangolipira kota, ndalama ya umembala ija, m'thaweni. Za galimotozo muzione ku banki kapena ku chipereganyu chanu.

Mabungwewa alipo angapo, ndipo anthu timawasokoneza. Pali Câmara de Comércio de Moçambique, imene inayamba mu 1980 ndipo likulu lake lili ku Maputo. Palinso CTA, ya mu 1996, yomwe ndi mgwirizano wa mabungwe a amalonda a dziko lonse. M'chigawo chilichonse CTA ili ndi nthambi yotchedwa Conselho Empresarial Provincial, ambiri amangoti CEP. Ndikuganiza kuti bambo uja amanena imeneyi. Muone bwino apa: mphamvu ya CTA ili m'mabungwe amene ali pansi pake, osati mwa munthu mmodzi wobwera yekha ndi kachikwama kake. Mfundoyi ndiibwereranso.

Ntchito yawo yeniyeni ndi pakamwa. Amakamba ndi boma m'malo mwa amalonda. CTA imachititsa msonkhano waukulu wotchedwa CASP, kumene amalonda amakhala maso ndi maso ndi nduna, nthawi zambiri ndi Pulezidenti yemwe, n'kumuuza zimene zikuwapweteka. Kwa zaka zambiri akhala akulira ndi misonkho. Mu 2022 boma linalengeza njira zokonzera chuma, ndipo kuyambira Januwale 2023 msonkho wa IVA, umene timalipira pogula katundu, unatsika kuchoka pa 17% kufika pa 16%, pomwe wa phindu la makampani a zaulimi unachoka pa 32% kufika pa 10%. Ena anaseka kuti 1% n'chiyani. Funsani wogula lole yodzaza simenti, akuuzani. Sindikunena kuti CTA yokha ndiyo inachita zimenezi, koma mwana wosalira amafera pamsana.

Tsono tibwere kwanuko. Inu mukudziwa bwino kuposa ine mmene ulendo wa mbatata umakhalira. Matumba mwasoka usiku kukuzizira kwa ku Angónia, mwapakira m'bandakucha, galimoto yatsika kudzera pa Mussacama, ndipo pofika ku Moatize dzuwa lili pamutu ngati ng'anjo. Makilomita opitirira 200 amenewo, mukangoimitsidwa maola atatu panjira chifukwa cha pepala limene dzulo silinkafunika, mbatata yapansi imayamba kuchita thukuta. Mawa lake pamsika mukutsegula thumba, fungo likukulonjerani. Mukapita nokha kukadandaula, akuuzani kuti abwana atuluka. Koma kalata yolembedwa m'dzina la opikula makumi atatu, yodindidwa, yoperekedwa kudzera ku CEP, imafika patebulo pomwe pakhala akuluakulu a chigawo. Chimene mumagula ndi kota yanu ndi mpando umenewo.

Za migodi ndikuuzeni zimene ndinaona ndi maso. Malasha a ku Moatize anayamba kutumizidwa kunja ndi kampani ya Vale mu 2011, ndipo mu 2022 mgodiwo unagulidwa ndi Vulcan. Kuyambira nthawi imeneyo aliyense wa ku Angónia wakhala akulota kudyetsa anthu a kumeneko. Mlamu wanga anayesa. Choyamba chimene anadziwa n'chakuti eni migodi sagula okha kabichi. Amalemba kampani ina yophika, ndiyo imagula. Tinapita limodzi ku kampani ina yotero, iye atanyamula kadengu ka mbatata zosankha, zotsuka bwino. Mnyamata wa pa ofesi sanaliyang'ane n'komwe dengulo. Anangoti: NUIT (nambala ya wolipira msonkho), alvará (chilolezo cha malonda), akaunti ya ku banki ya m'dzina la bizinesi, chikalata cha ku Finanças (ofesi ya misonkho) chosonyeza kuti mulibe ngongole ya msonkho, china cha ku INSS (bungwe la boma loona za penshoni ya ogwira ntchito), ndiponso fatura (pepala lolipiritsira katundu) yovomerezeka. Kenako anafunsa ngati angathe kubweretsa mlingo womwewo Lolemba lililonse, dzinja ndi chilimwe chomwe, n'kudikira malipiro mwezi wathunthu kapena kuposerapo. Mlamu anabwerera ndi dengu lake, tinakazinga tokha madzulo.

Apa ndi pomwe bungwe labwino limathandiza. Silingakakamize aliyense kukugulani, koma limaitana makampani akuluakulu kuti adzafotokoze zimene amagula ndi mapepala amene amafuna, limasunga mayina a ogulitsa, limachititsa maphunziro a kalembedwe ka ndalama, ndipo limadziwitsa mamembala za ziwonetsero ngati FACIM ya ku Marracuene. Mlamu akanamva zonsezi asanawononge ndalama ya chapa.

Sindikubisirani zofooka zake. Misonkhano yambiri imachitikira mumzinda wa Tete, m'mahotela, m'Chipwitikizi, ndipo olankhula kwambiri ndi eni malole ndi makampani omanga. Mayi wa matumba makumi awiri akalowa yekha amakhala kumbuyo, amamwa fanta, n'kubwerera. N'chifukwa chake ndinati mfundo ija ndiibwereranso: musalowe nokha.

Ndikanakhala inu, ndikanayamba ndi mapepala anga. NUIT salipiritsa. Chilolezo cha malonda mukafunse ku BAÚ, ofesi ya boma yopereka zilolezo za bizinesi, ndipo ku Finanças mukafunse za ISPC, msonkho wa amalonda ang'onoang'ono umene unakhazikitsidwa mu 2009 kuti anthu ngati inu asavutike ndi mabuku ambiri. Zikatha izo, sonkhanitsani anzanu amene mumalimbirana nawo galimoto m'mawa uja. Lamulo limafuna anthu osachepera khumi kuti bungwe lilembetsedwe, ndipo la alimi limavomerezedwa paboma pompo, osapita ku Maputo. Anthu khumi mungathe kudzaza lole sabata iliyonse, mungathe kudikira malipiro mosinthana, ndipo kota yake mukagawana siwawa. Bungwe lanulo ndilo likagogode ku CEP.

Musanatulutse metikali ndi imodzi yomwe, bambo uja mum'funse zinthu izi: dzina lenileni la bungwelo, kumene kuli ofesi yake, chimene linachitira amalonda a ku Angónia chaka chatha, ndi tsiku limene linachititsa msonkhano kunja kwa mzinda wa Tete. Ndalama mukalipire ku ofesi kapena ku akaunti ya bungwe, osati pa M-Pesa ya munthu, ndipo mutenge lisiti.

Mundilemberenso, Mayi, mundiuze matumba amene mumatsitsa pa sabata ndiponso miyezi imene mbatata imasowa. Tikawerengere limodzi ngati anthu khumi akwana kapena pafunika khumi ndi asanu.