Kamera ya apolisi yati munathamanga: mungautsutse bwanji mlanduwo kukhoti?

Bambo wina wa ku Nchalo, yemwe amayendetsa lole yaing'ono, wanditumizira imelo. Akuti apolisi a pamsewu anamuimitsa pa M1 akulowera ku Ngabu, n'kumuonetsa nambala pa kamera yoyezera liwiro. Iye akuti minibasi inali itangomupitirira kumene, ndipo akukhulupirira kuti liwirolo linali la minibasiyo. Anakana kulipira, choncho anamuuza kuti akaonekere kukhoti. Akufunsa ngati munthu wamba angatsutsane ndi makina.

Angatsutsane nawo ndithu, achimwene. Munachita bwino kusalipira pamene mtima wanu unkakana, chifukwa chindapusa cha pamsewu munthu amapereka povomera mlandu, ndipo kubweza mawu ndalama zitapita kale n'kovuta.

Mlandu wanu ukuchokera m'lamulo la Road Traffic Act la 1997, koma chokutetezani chili mu gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino a 1994. Gawoli limati woimbidwa mlandu aziyesedwa wosalakwa, ali ndi ufulu wokhala chete, wobweretsa umboni wake komanso wotsutsa umboni wa boma. Gawo 187 la Criminal Procedure and Evidence Code, lamulo la kazengedwe ka milandu ndi umboni, limasenzetsa boma udindo wotsimikizira khoti kuti mwalakwadi, popanda chikaiko chomveka. Inu simukupita kukaonetsa kuti munkayenda pang'onopang'ono ayi. Boma ndi limene liyenera kuonetsa kuti liwiro lija ndi la galimoto yanu.

Apa ndiye pagona nkhani. Mboni imanena zimene inaona ndi maso ake, osati zongomva. Ngati wapolisi amene anagwira kamera ndi wina, wolemba mlandu ndi winanso, khoti liyenera kumva kwa wogwira kamerayo. Akamaliza kupereka umboni, majisitireti adzakupatsani mpata womufunsa. Mufunseni mwaulemu kuti anaima pati, ndipo panali galimoto zingati pamene ankayeza. Kodi makinawo anajambula chithunzi choonetsa nambala ya lole yanu, tsiku ndi nthawi, kapena anangoonetsa liwiro lokha? Anaona minibasi ija? Funsaninso kuti makinawo anayesedwa liti ngati akulondola, ndipo chikalata chake chili kuti, komanso ngati iyeyo anaphunzitsidwa kagwiritsidwe kake. Sikelo ya pamsika wa thonje timaifunsa ngati inayesedwa, nanga makina opezera munthu mlandu tiwasiyirenji?

Nanunso musapite chimanjamanja. Bwererani pamalopo mukajambule ndi foni, makamaka chikwangwani cha liwiro, ngati chilipo kapena chinagwa. Lembani lero lomwe zonse zimene mukukumbukira. Ngati munali ndi wokuthandizani pa lole, ameneyo ndi mboni, mumutenge. Ndipo ngati mumamasuka kwambiri m'Chisena, nenani poyambirira penipeni, pakuti gawo 42 lomwe lija limati mlandu uzengedwe m'chilankhulo chimene mukumva, apo ayi boma likupezereni womasulira inu osalipira kanthu.

Chimodzi ndikupempheni kuchokera pansi pa mtima. Pa Dyeratu, pa Nchalo ndi pa Bangula msewu umadzaza ndi akabaza, ngolo ndi ana a sukulu, ndipo liwiro limapha anthu. Ngati mukudziwa mumtima kuti phazi linalemera, vomerani, lipirani, n'kulandira lisiti ya boma ija timati GR. Ndalama yopanda lisiti ndi chiphuphu, ndipo wopereka naye ali ndi mlandu.

Tsiku la khoti musajombe, chifukwa akhoza kutulutsa chikalata choti mumangidwe. Dziwaninso kuti mukagonja, chilango adzagamula ndi majisitireti, ndipo chikhoza kuposa chimene anakuuzani pamsewu. Ngati mulibe ndalama ya loya, kafunseni malangizo ku Legal Aid Bureau tsikulo lisanafike. Chigamulo chikapanda kukukhutiritsani muli ndi ufulu wochita apilo ku High Court ku Blantyre, koma nthawi yochitira apilo ndi yochepa, choncho mufunse kalaliki wa khoti tsiku lomwelo.